Nsomba Zofiira M'komboni ya Njanji

Chinali chibotolo chagalasi cha ngodya zinayi, chachitali ngati mkono wa munthu wamkulu kuchokera kuzala kufika pachigongono. Galasi lake linali lochindikala ndi lobiriwirako. Kale munkakhala batire ya nyali za sitima, koma chitabenthuka pakona imodzi anachitaya, amalume n'kuchitola. Ankasungiramo misomali, zingwe ndi mabatani. Pobenthukapo panali pakuthwa, ndipo panandicheka chala kangapo ndisanaphunzire kuchigwira bwino. Chikakhala chopanda kanthu ndinkachinyamula ndekha. Chikadzaza madzi, ngakhale kuchisuntha sindinkatha.

Nthawiyo inali ya nkhondo yachiwiri ya Azungu, ndege zophunzitsira asilikali zikulira pamwamba pa Bulawayo tsiku ndi tsiku. Ine ndinali kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi zinayi. Tinachoka kwathu ku Ntcheu, ine ndi amayi, kudzafuna abambo amene anabwera kuno kudzagwira ntchito n'kusiya kumveka. Titafika tinauzidwa kuti anawolokera ku Joni kalekale. Amayi analibe mphamvu zopitirira, analibenso nkhope yobwerera nayo kumudzi. Tinakhala kwa mlongo wawo, amalume anga, amene ankathira malasha m'masitima ndipo anali ndi kachipinda kamodzi m'komboni ya njanji.

Amayi anapeza ntchito yochapa ndi kusita kunyumba ya Azungu, tsidya lina la tauni. Anawapatsa kogona kuseri kwa nyumbayo, koma adona ananenetsa kuti safuna kuonapo mwana. Choncho ine ndinatsala kwa amalume. Amayi ankabwera Lamulungu masana okha, wapansi, ndipo dzuwa likapendeka ankanyamukanso.

Amalume sanali munthu woipa. Anali munthu wotopa. Ankachoka m'mawa kapena masana malinga ndi sitima, n'kubwera ali bii ndi malasha, maso okha akuoneka. Akasamba ndi kudya ankagona. Ana a m'komboni ambiri ankalankhula Chindebele, chimene ine sindinkachimva. Ngakhale ana a anthu akwathu obadwira konkuno ankachita manyazi kundiyankha m'chinenero chathu anzawo ali pomwepo. Ndikaweruka kusukulu ya mishoni ndinkabwerera m'kachipinda, kusesa, kutsuka mbale, kenako n'kukhala pakhomo kumvera mabogi akugundana kusiteshoni. Masiku ena ndinkafika madzulo n'kuzindikira kuti kuyambira m'mawa sindinatulutse liwu lililonse.

Lamulungu lina, mvula itangotha, amayi anafika atanyamula chitini cha jamu chachikulu ndi manja awiri, akuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wosenza mazira. Anachiika pansi n'kuchotsa kansalu kamene anavundikira. Munali tinsomba tinayi tofiira ngati malalanje akupsa, zipsepse zake zopyapyala ngati nsalu ya neti. Ndinali ndisanaonepo nsomba ya mtundu wotere.

Zinali za mwana wamwamuna wa adona, amene anapita kunkhondo. Adona anatopa nazo, mwinanso zinkawakumbutsa zambiri, ndipo anauza amayi kuti akazikhuthulire kudzala. Amayi anazibisa kuseri kwa chipinda chawo mpaka Lamulungu.

"Izi si ndiwo, mwanawe," anatero. "Azungu amangoziyang'ana. Uzizisamalira, ndizidzaziona ndikabwera."

Amalume anaseka mpaka kutsamwa. Anati pa moyo wawo wonse anali asanamvepo za munthu woweta usipa. Komabe anakhuthula misomali yawo, n'kutsuka chibotolo chija ndi mchenga, n'kuchidzaza madzi apampopi. Tinathiramo nsombazo ndi kuchiika pa bokosi pafupi ndi zenera. Dzuwa lamadzulo linalowa m'galasimo, ndipo kuwala kofiira kunayamba kuyendayenda pakhoma. Amayi anakhala pamphasa akuyang'ana, miyendo atatambasula. Tsiku limenelo anachedwa kunyamuka.

M'mawa mwake imodzi inali itayandama chagada, mimba yake yoyera ili kumwamba. Zitatu zinazo zinali pansi, zitapinda zipsepse, zikupuma mofulumira. Ndinaigwedeza yakufayo ndi chala, inangozungulira. Amalume anaichotsa ndi supuni n'kuiponya panja, nkhuku ya oyandikana nawo n'kuthawa nayo. Anati mwina yafa ndi ulendo.

Mwana amene amakhala yekha amapanga malamulo ake a momwe dziko limayendera, ndipo palibe woti amuwongole. Ine ndinatenga mawu a amayi aja monga analili. Anati azidzaziona akabwera. Ndiye kuti zikatha, adzabweranso kudzaona chiyani? Ndikudziwa tsopano kuti mayi amene amayenda mtunda wonse uja pa tsiku lake limodzi lopuma sayendera nsomba. Koma nthawiyo maganizo amenewa analowa mwa ine ngati minga, ndipo sindinauze munthu.

Ndinaganiza kuti zikufa ndi njala. Ndinayamba kuzipatsa chilichonse chimene ndinali nacho: nyenyeswa za buledi, madeya, timakoko ta mumphika. Zinkadya pang'ono, zotsalazo n'kumira pansi ndi kutupa. Pasanathe masiku ambiri madzi anayera ngati athiridwa mkaka, ndipo ankanunkha ngati m'ngalande. Nsomba zonse zinakwera pamwamba, milomo ili yasa yasa, ngati zikupempha kanthu. Ine poona choncho ndinkawonjezera chakudya. Madzi atanyanya kununkha ndinawataya onse, n'kutsuka chibotolo ndi sopo mpaka kung'anima, n'kuthiramo atsopano ozizira ochokera kumpopi. Yachiwiri inafa madzulo a tsiku lomwelo ndikuiona. Inayamba kusambira chammbali, kenako mozungulira, kenako inangoleka.

Lamulungu amayi anafika n'kusuzumira m'galasimo. Sanandikalipire. Anangoti, "Zatsala ziwiri," n'kukhala pansi. Ankatsokomola pang'ono, ndipo anati ndi utsi wa makala a m'simbi yositira. Anandipesa tsitsi, kundisokera diresi pamene linang'ambika, n'kupita.

Lamulungu lotsatira sanabwere. Ndinakhala pamwala wa pakhomo kuyambira potuluka m'tchalitchi mpaka mithunzi ya nyumba inafika tsidya lina la msewu. Amalume anati mwina adona ali ndi alendo, ndipo ndi momwe zinalilidi. Koma ine ndinali ndi yankho langa kale.

Kusukulu tinkaphunzira m'Chindebele, ndipo ine ndinkakhala kumbuyo, osayankha kanthu. Mlungu umenewo ndinkangojambula nsomba pasileti. Aphunzitsi athu anali bambo wamtali wa Chindebele, wa jekete lotuwa losokedwa m'zigongono. Anaima pambali panga n'kuyang'ana siletiyo, ine n'kutambasula kale dzanja kudikira bango. Sanandimenye. Anzanga atatuluka anandiuza kuti nditsale. Anali atakhalapo ndi anthu akwathu kumigodi, ndipo ankadziwa chinenero chathu chothyokathyoka.

"Nsomba iyi, iwe waona kuti?" anandifunsa.

Kanali koyamba munthu wa pasukulupo kundilankhula m'mawu amene ndinkawamva. Ndinalankhula ngati mtsuko wobooka. Ndinawauza za chitini, za adona, za madzi oyera ngati mkaka, za ziwiri zakufa. Za mantha anga okha ndi zimene ndinasiya.

Aphunzitsi anamvetsera mpaka ndinatha. Anati iwo nsomba sadya ndipo sanawetepo, koma kusukulu yawo yauphunzitsi kunali mbusa wina amene ankasunga zoterezi, ndipo iwo ankamuona zimene ankachita. Anandiuza kuti madzi apampopi amathiridwa mankhwala ophera tizilombo kuti anthu asadwale, ndipo mankhwala omwewo amawotcha nsomba. Madziwo ayambe agona m'chidebe chosavundikira, tsiku lathunthu kapena kuposa. Ndisamataye madzi onse nthawi imodzi, koma pang'ono pokha. Sopo asayandikire. Za chakudya anandionetsa ndi nsonga ya chala, kadontho kochepa kwambiri moti ndinaganiza kuti akuseka.

"Nsomba safa njala msanga," anatero. "Amafa kukhuta."

Kuyambira pamenepo moyo wanga unazungulira pa madzi. M'komboni monse mbali yathu munali mpopi umodzi, ndipo mzere wa zidebe unkayamba kusanache. Bulawayo ndi mzinda wouma, madzi sasewera nawo. Ndinkatunga a pakhomo, kenako n'kubwereranso pamzere ndi chitini cha palafini chimene amalume anachiwotcha ndi kuchikwecha mpaka fungo linatha. Azimayi atadziwa kuti ulendo wachiwiriwo ndi wa nsomba, wina anandikankhira kumbuyo akulankhula mokweza. Mawu ake sindinawamve, koma anthu anaseka, ndipo mawu akuti "amaNyasa" ndinawamva bwino. Ndinaphunzira kupita masana dzuwa lili pamutu, mpopi ukungodontha, pamene panalibe wofuna kudikira.

Ndinkachotsa madzi akale ndi kachitini ka nsomba zam'chitini, zimene amalume ankati n'chipongwe kwa alendo athu. Zonyansa za pansi ndinkazikoka ndi kapaipi ka labala kamene amalume anandibweretsera kuchokera kuntchito, ndipo nthawi zambiri madziwo ankandilowa m'kamwa, owawa ngati dothi. Loweruka lina ndinayenda ndekha kukafika kukamtsinje kakutali ndi komboni, kumene ndinazula zomera za m'madzi ndi kutola timiyala tosalala. Kuseri kwa nyumba yochapira kunali mgolo wakale wodzaza timphutsi ta udzudzu. Ndinkatisefa ndi kansalu, ndipo nsomba zinkatithamangitsa ngati nkhuku zolimbirana ngumbi. Madzi anayera mbee. Ziwiri zija zinayamba kutambasula zipsepse. Ina inali ndi banga lakuda pamchira, inayo inali yofiira thupi lonse ndi yamantha, yokonda kubisala m'zomera.

Amayi anayambanso kubwera. Ine ndinaona kuti malamulo anga akugwira ntchito.

Tsiku lina masana kamtsikana ka nyumba yoyang'anana nafe kanaima pakhomo pathu, chala chili m'kamwa. Kanali ka msinkhu wanga. Kanayang'ana chibotolo nthawi yaitali, kenako kanaloza n'kunena kuti, "Inhlanzi." Ine ndinati, "Nsomba." Kanayesa kutchula, kanalephera, tonse tinaseka. Ndinasendera kuti kalowe, ndipo kanaponda phazi limodzi m'nyumba. Pomwepo mayi ake anakaitana mwaukali kuchokera tsidya lina. Sikanabwerenso. Tikakumana kumpopi kankayang'ana pansi. Kwa milungu ingapo ndinkasiya chitseko chotsegula masana, ngakhale kunkalowa fumbi.

Kenako kunabwera chisanu. Amene sanakhalepo ku Bulawayo mwezi wa Juni sadziwa momwe mphepo yake imalowera m'mafupa. Denga lathu linali lamalata, pansi pa simenti. M'mawa udzu wa m'mbali mwa njanji unkayera ngati wathiridwa ufa, ndipo galasi la chibotolo linkaluma zala. Nsomba zinasiya kudya. Zinkangokhala pansi, osagwedezeka, ngati zoumba. Yamantha ija inatuluka timadontho toyera thupi lonse, ngati yawazidwa mchere, ndipo inkadzikhula pamiyala.

Ndinathamangira kwa aphunzitsi. Anapukusa mutu n'kunena kuti za matendawo sakudziwa. Anati mwina ndizichotse pazenera, poti pamenepo masana pamatentha, m'bandakucha n'kuzizira kwambiri. Amalume anandithandiza kukokera bokosi kukona ya m'kati. Ndinakulunga chibotolo ndi chiguduli, ndipo madzulo ndinkasendeza mbaula pafupi. Tsiku lina ndinaisendeza kwambiri, madzi a mbali imodzi anafunda ngati tiyi, ndipo amalume anandikalipira kuti ndiphulitsa galasi. Yamanthayo inalimba masiku angapo, zipsepse zikunyenyeka m'mphepete. Inafa m'mawa wina kuli kamvula kowaza kozizira kamene amalume ankati kakuwakumbutsa chiperoni.

Iyi sindinalole kuti nkhuku idye. Ndinaikwirira kuseri kwa nyumba. Pobwera ndinapeza amalume atavula chijasi chawo chakale cha kunjanji, chaubweya, chonunkha utsi, akuchikulunga pachibotolo pamwamba pa chiguduli chija.

"Yatsalayi ndi yamakani ngati mayi ako," anatero. "Isiye, iona dzuwa."

M'mawa umenewo anapita kuntchito atavala malaya ndi juzi yokha.

Inatsala ya banga pamchira. Ndinkailankhula. Ndinkaiuza za kusukulu, mawu a Chindebele amene ndaphunzira tsikulo, za anzanga a ku Ntcheu amene nkhope zawo zinayamba kundisokonekera. Ndikayandikira inkabwera kugalasi n'kumatsatira chala changa. Anthu odziwa amati inkangofuna chakudya, ndipo sinditsutsa. Koma m'nyengo yonse ija, chamoyo chimene chinkatembenuka ine ndikalowa m'nyumba chinali chimenechi.

Amayi ankabwera atafunda bulangete, ndipo ankafika akupuma movutikira. Ankakhala kaye pamwala wa pakhomo asanalowe. Ndinaona kuti mpango wawo wayamba kuwakulira, ndipo mikono yawo yaonda, koma ndinaganiza kuti anthu onse amatero nyengo yozizira. Ankayang'ana nsomba ija n'kunena kuti, "Ikadalipo." Ine mtima unkakhala pansi mpaka Lamulungu lina.

Chisanu chitayamba kutha, mphepo ya fumbi itayamba, ndinaweruka kusukulu tsiku Lachitatu n'kupeza chitseko chotsegula. Amayi anali m'nyumba. Pambali pawo panali mtolo wa zovala zawo, mbale yawo ndi kasutikesi kamene tinabwera nako kuchokera kwathu. Amalume anali atakhala pa bokosi lina, asanasambe, manja ali pamaondo.

"Lero si Lamulungu," ndinatero.

"Ndabwera kudzakhala," anatero amayi.

"Mpaka liti?"

"Sindipitakonso kuja."

Ndinawalumphira kuti ndiwakumbatire, koma anandigwira mapewa n'kutembenuzira nkhope kumbali. Ndinaganiza kuti ndine wafumbi. Ndinatuluka kukasamba m'manja ndi kumaso, ndikuimba.

Milungu imene inatsatira ndimaikumbukira ngati yokoma kuposa ina yonse ya ubwana wanga, ndipo ndakhala zaka zambiri ndisakudziwa chochita ndi kukoma kumeneko. Ndikaweruka ndinkathamanga njira yonse. Ndinkapeza amayi atakhala padzuwa pakhomo, atatsamira khoma. Anapempha amalume kuti asendeze chibotolo pamene iwo angachione ali chigonere. Anaphunzira malamulo onse a madzi, ndipo ankandikumbutsa: "A m'chitinimo agona kale, thira." Akakhala ndi mphamvu ankandisefera timphutsi. Anandiphunzitsa kusoka mpendero, kusita ndi simbi ya makala popanda kudetsa nsalu, ndi kuphika nyemba osazipsereza. Anandiuza mayina a achibale athu onse akumudzi, mbali ya iwo ndi mbali ya abambo, n'kumandibwerezetsa mpaka ndiwaloweze. Ine ndinkaona ngati masewera.

Anali ndi kapu yawoyawo ndi supuni yawoyawo, zimene ankatsuka okha ndi madzi otentha. Anakana kuti ndizigona nawo pamphasa imodzi, ndipo anandiyalira pafupi ndi chitseko. Anali ndi tinsalu timene ankatsokomolera n'kutipinda msanga, ndipo ankatiwotcha pambaula ine ndikapita kumpopi. Kamodzi ndinabwerera msanga n'kumva fungo lake. Amalume, amene kale ankangofika n'kugona, anayamba kubwera ndi mkaka m'botolo, nthawi zina chiwindi, n'kumakhala panja nthawi yaitali akusuta. Azimayi akwathu a kutchalitchi, amene sanabwerepo nyengo yonse ija, anayamba kufika awiriawiri, kuimba nyimbo motsitsa ndi kupemphera. Ine ndinkawaonetsa nsomba yanga.

Chinali chifuwa chachikulu. Adona anamva kutsokomola kuja kuchokera kochapira, anaona kansalu kamodzi, n'kuwauza amayi kuti amange katundu tsiku lomwelo. Izi ndinazimva kwa amalume ndili wamkulu kale. Amayi anamwalira mvula yoyamba isanagwe, ndipo anaikidwa kumanda a anthu akuda kuno ku Bulawayo. Amalume sakanatha kundilera okha, choncho ananditumiza kwa banja lina lakwathu ku Lokeshoni, kumene ndinakulira n'kuphunzira Chindebele mpaka kumalota nacho. Kumeneko kunalibe malo a chibotolo. Amalume anachinyamula paphewa kukachisiya kusukulu, ndipo nsomba ya banga ija inakhala pawindo la aphunzitsi zaka zingapo, ana akusinthana kuitungira madzi.

Koma zonsezi zinali zisanachitike m'mawa wa Lachinayi lija, tsiku lotsatira kubwera kwa amayi. Ndinadzuka kusanache, ndinawafunditsa bulangete langa pamwamba pa lawo, n'kupita kusukulu mofulumira kuti ndikapeze aphunzitsi ana ena asanafike. Ndinawapeza akupukuta bolodi.

"Aphunzitsi, amayi abwera," ndinatero. "Abwera ndi katundu yense. Akuti sapitanso."

Anasiya kupukuta. Anandifunsa ngati ntchito yatha, ine ndinati eya. Anandifunsa ngati amayi ali bwino, ndinati ali bwino, kungoti akutsokomola ndi utsi wa simbi, ndipo tsopano apuma. Anaika kansalu ka choko pansi. Kenako anandigwira pamutu, chinthu chimene anali asanachitepo kwa mwana aliyense, n'kundiuza kuti masiku amenewa ndikafuna kuweruka msanga ndizingopita, osapempha.

Ndinathokoza n'kukakhala pamalo panga kumbuyo. Tsiku lonse ndinkadabwa kuti munthu wanzeru ngati iwo, amene anadziwa za madzi apampopi, wamva nkhani yabwino chotere koma osamwetulira.